Masiku Anayi Amene Ndinali Rozina

Mpaka lero ndikaona galimoto ya anthu a kafukufuku ikudutsa pa Nsanama, ndimaweramira makina anga ngati ndikulowetsa ulusi pasingano. Sikuti anandilakwira anthuwo. Wolakwa ndinali ine, ndipo mboni ndinachita kuziitana ndekha, ina kuchokera ku Nkaya ina ku Utale, kuti zidzaone bwinobwino ndikuchita manyazi.

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pamsika, makina ake opalasa ndi mapazi aja, ndipo zaka zakwana makumi awiri ndili pampando womwewo. Pakhomo panga pali mwana wamkazi dzina lake Rozina, wa malemu mkulu wanga. Mayi ake atamwalira ndinamutenga ine, monga mmene zimakhalira kwathu kuno, poti mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ake anapita ku Joni kalekale ndipo ngakhale foni saimba. Ana anga awiri anakula n'kuchoka, moti wondiseketsa pakhomo ndi Rozina yemweyo. Pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Vuto linayamba ndi azakhali ake a ku Utale, alongo awo a bambo ake, amene ine ndimawatchula kuti alamu. Anabwera tsiku lina osanena, n'kumupeza mwanayo akuchokera kumjigo ndi ndowa yaikulu pamutu. Kwa ine sananene kanthu. Anadya, anayamikira ndiwo, anatsanzika mwaulemu, kenako anakatula zonse kwa achimwene anga ku Nkaya, amene ndi eni mbumba. Akuti mwana wamasiye ndamusandutsa wantchito.

Achimwene anaimba foni madzulo ake. "Achemwali, nkhani imeneyi sindikufuna kuimvanso. Ndikadzaimvanso, mwanayo apita ku Utale, akaphunzira konko."

Achimwene anga sayankhula kawiri. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo mantha amenewo ndi amene anandichotsa nzeru.

Patapita mwezi, kusukulu anaitana makolo a ana a sitandade 3 kuti kwabwera a kafukufuku. Amene ankafotokoza anali mtsikana wina waulemu wake, Chichewa chake cha ku Lilongwe, koma siketi imene anavala inali ndi mpendero wokhota, kutsogolo kutalika kumbuyo kufupika. (Atelala anzanga andimvetsa. Mpendero wokhota uli ngati mchenga m'mpunga, suganizanso china.) Iye akuyankhula, ine ndinali kusoka siketiyo mumtima. Zimene zinalowa m'khutu ndi izi zokha: mwana amangidwa kachipangizo pa kakolo, kangati wotchi yopanda manambala, akhala nako sabata yathunthu, ndipo kaziwerenga mmene akuyendera ndi mphamvu zimene thupi lake likutha pa tsiku. Ndinamvanso kuti tisamakavule, chifukwa kakangogona pansi osagwedezeka iwo adzadziwa. Zina zonse zinandidutsa. Ndinasaina, Rozina anamangidwa kake Lolemba lomwelo, tinabwerera.

Zimene zinandidutsazo anandikwaniritsira Abiti Mussa, amene amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi makina anga. Iwowo kumsonkhanoko kunalibe, ndipo mwana wa sitandade 3 alibe.

"Amwali, mwasaina?" anatero akutembenuza zitumbuwa. "Timakina timeneto sitinama. Mwana akasenza ndowa kamalemba, akasesa kamalemba, akatsuka mbale kamalemba. Pakutha pa sabata zonse zimapita kuboma, ndi dzina lanu lomwe."

"Ndi dzina langa?"

"Nanga mwasaina la ndani?"

Mtsikana wa kafukufuku uja anali atatisiyira nambala yake kuti tikakhala ndi funso tiimbe. Sindinaimbe. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya ndi manja awiri.

Lolemba masana ndinamuwerengera Rozina maulendo. Kumjigo kawiri, kuchigayo kamodzi, kukagula mchere kamodzi. Phazi lililonse limene ankaponda ndinkamva ngati likuponda pamtima panga, ndipo m'maganizo ndinkaona achimwene akuwerenga chipepala chaboma alamu ali pambali pawo akugwedeza mutu.

Lachiwiri ndinakhazikitsa lamulo. Rozina asagwire ndowa, asagwire tsache, asagwire mbale. Mwanayo anandiyang'ana modabwa, koma sanatsutse. Ine ndinapita kumakina mtima uli m'malo. Cha m'ma 3 koloko ndinabwerera kunyumba kukatenga sizasi imene ndinaiwala, n'kumupeza ali pakati pa bwalo akusewera fulaye ndi anzake, akudumpha, akuzinda mpira, fumbi lili koboo, kachipangizo kaja kakuvina pa kakolo. Ntchito zonse za Lolemba zija kuziphatikiza sizikanafika theka la kudumpha kumeneko. Nanga kachipangizo kadziwa bwanji kuti awa ndi masewera? Kuboma akangoona mwendo ukuthamanga, si adzati ndimamuthamangitsa ndi ine?

Ndinaletsanso fulaye.

Koma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sungamumange pamphasa ngati mbuzi. Ndinaganiza zokavula kachipangizoko n'kukasunga m'dilowa ya makina, kenako ndinakumbukira mawu aja akuti kakangogona adzadziwa. Kankafunika mwendo wamoyo, koma wosayenda. Wa abambo akunyumba sukanatheka, iwo amatandala kudimba. Apa ndi pamene nzeru inandibwerera, ndipo ndinadziyamikira ndekha. Mwendo wopuma kwambiri pa Nsanama ponse unali wanga. Aliyense amene anandisoketsapo chovala anamvapo dandaulo langa: ine ndimangokhala tsiku lonse, msana ukupweteka chifukwa chokhala, thupi likungonenepa chifukwa chokhala. Ndinkanena zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka ndinazikhulupirira.

Lachitatu m'mawa ndinamuvula Rozina kachipangizoko, ndinamuveka sokosi zazitali kuti kusukulu asaone kanthu, ndipo ndinamuuza kuti asauze munthu. Kalamba kake kanali ka mwendo wa mwana, pa kakolo wanga sikanakwane. Kwa telala limenelo si vuto. Ndinalumikiza kalasitiki, msoko wake wooneka bwino kwambiri, ndinakamanga, chitenje n'kutsitsa mpaka kumapazi.

Tsono sabata imeneyo inali yoyandikira chikondwerero cha Asilamu cha Idi. Amene amadziwa Nsanama akudziwa kuti sabata ya Idi telala sadya masana. Mikanjo ya abambo, madiresi a ana, nsalu zonyezimira za amayi zimene zimaterera pansi pa singano, aliyense akufuna chake mawa. Ndinkakhala pampando 7 koloko m'mawa n'kudzuka dzuwa litalowa. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Nthawi ndi nthawi ndinkasuzumira pansi pa chitenje n'kumwetulira, mumtima ndikuti lemba mwanawe, lemba kuti Rozina wakhala pansi tsiku lonse ngati mwana wa abwana.

(Inu amene mwaona kale pamene panali dzenje, sekani. Ine zaka makumi awiri ndikupalasa makina, mapazi anga ndinaleka kalekale kuwamva. Amapita okha ngati mmene munthu amapumira.)

Kunyumba nako ndinakonza kuti mwana afanane ndi zolembedwazo, kuopa kuti a kafukufuku angadutse n'kumuona ali ndi ndowa pamene kachipangizo kakuti ali khale. Madzi ndinkatunga ndekha m'mamawa ndisanamange kachipangizoko. Rozina akaweruka ndinkamuyalira mphasa pakhonde, madzi osamba ndinkamuperekera kubafa, chakudya ndinkamuikira m'mbale zamaluwa zija timasungira alendo, dzira pamwamba. Anayamba kukhala chete. Ine ndinkati mwana akumva kukoma.

Lamulungu ndinasola msoko wanga uja, kalamba n'kubwerera mwakale popanda ngakhale chizindikiro cha singano, ndinamumanganso Rozina, Lolemba anthu aja anadzatenga katundu wawo. Anatiuza kuti pakatha masabata awiri, kholo lofuna kuona zimene zatuluka pa mwana wake lidzabwere kusukulu.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo n'kuthokoza Mulungu. Ine ndinatenga foni.

"Achimwene, Lachisanu la sabata yamawa ija mubwere. Kuli makina a azungu amene ayeza ntchito zonse za Rozina. Munthu amanama, makina sanama. Mudzamve nokha."

"Chabwino."

"Muwatengenso alamu aku Utale."

Masabata awiriwo ndinapitiriza kumulera Rozina pamphasa, kuti achimwene adzamupeze atasalala.

Tsikulo linafika. Tinalowa m'kalasi anthu anayi: ine, Rozina, achimwene ndi chipewa chawo, ndi alamu atavala chitenje cha kutchalitchi. Mtsikana wa kafukufuku uja anali pa tebulo ndi kompyuta. Ataona gululo anandifunsa ngati ndikulola kuti achibalewo amve nawo, poti zimenezi kawirikawiri amauza kholo lokha.

"Amve zonse," ndinatero ine. "Musabise kanthu."

Anatitembenuzira kompyuta ija. Panali mzere wokwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda. Anatisonyeza Lolemba, timizere tating'onoting'ono. Anatisonyeza Lachiwiri masana, chulu chimodzi chachitali (fulaye uja, ndinamuzindikira). Kenako chala chake chinafika pa Lachitatu, ndipo pamenepo panalibenso mizere kapena chulu. Panali chikhoma, chakuda bii, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku anayi otsatizana.

"Apa ndi pamene tasokonezeka," anatero mtsikanayo. "Kachipangizo kakunena kuti kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka mwendo wa mwanayu sunaime. Kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa kulowa, kupuma kwake pang'ono chabe masana. Tikatengera zimene kawerengera, mphamvu zimene anatha mwanayu ndi za munthu wamkulu amene watandala akuthamanga."

Mutu wanga unaima. Ndinayang'ananso chikhomacho kuti mwina atisokonezera ndi mwana wina.

"Mwamva, achimwene?" anatero alamu, mawu awo ofatsa ngati akupemphera. "Si ine ndanena. Anena ndi makina amene atiitanira eni ake."

Achimwene anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Ine ndimawadziwa, akavula chipewa ndiye kuti chigamulo chili pafupi.

"Chimene chikutivuta," anapitiriza mtsikana uja, "aphunzitsi akuti Lachitatu mpaka Lachisanu m'mawa monsemo Rozina anali m'kalasi, atakhala pansi. Rozina, tatiuza, masiku amenewa unkatani?"

Rozina anayang'ana pansi. Anafunsidwa kachiwiri, anangokanda simenti ndi chala chakuphazi. Atsibweni ake anamufunsa kachitatu, koma sanatsegule pakamwa. Paja ndinali nditamuuza kuti asauze munthu, ndipo mwanayo anali wokonzeka kutengedwa kupita ku Utale osandiulula. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa mantha onse aja.

"Musiyeni mwanayo," ndinatero. "Mwendo umenewo ndi wanga."

Onse ananditembenukira. Ndinafotokoza zonse, za Abiti Mussa, za fulaye, za kalasitiki. Ndinamaliza ndi kudandaula kuti komabe makinawo ndi abodza, chifukwa ine masiku anayi onsewo ndinali chikhalire pampando.

"Zoti ndi abodza ndikuvomereza," anatero achimwene. "Inu achemwali kuthamanga? Inu amene kachitunda ka kutchalitchi kaja mumapuma kawiri?"

"Amayi, mumagwira ntchito yanji?" anafunsa mtsikana uja.

"Ndine telala."

"Makina anu ndi a magetsi, a manja, kapena...?"

Sanamalize. Maso ake anali atatsikira pansi pa benchi, ndipo achimwene ndi alamu anatsatira komweko. Nanenso ndinayang'ana. Mapazi anga onse awiri, chifukwa cha nkhawa, anali akupalasa simenti ya m'kalasi, chala pansi chidendene m'mwamba, chidendene pansi chala m'mwamba, pa liwiro lenileni losokera mkanjo.

Woyamba kuseka anali mtsikanayo, anayesa kubisa ndi dzanja koma zinakanika. Achimwene anadziphimba kumaso ndi chipewa, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinagwira mawondo anga kuti aime.

Atapukuta misozi, mtsikanayo anandiyankhula mwachifundo, chimene chinandipweteka kuposa kundikalipira. "Amayi, tinafotokoza pamsonkhano paja. Ife sitikuyesa mwana kapena kholo. Tikuyesa kachipangizoka, kuti tione ngati kamanena zoona pa ana a kuno. Palibe dzina limene limapita kulikonse." Anati kachipangizoko kamangomva kugwedezeka kwa mwendo basi, kenako n'kuyerekeza mphamvu. Anabwerera pa Lolemba n'kutisonyeza ulendo wa kumjigo: popita ndi ndowa yopanda kanthu ndi pobwera ndi ndowa yodzaza, timizere take tinali tofanana, chifukwa katundu wa pamutu mwendo sumunena. Mwana akaimirira akusinja kapena kuchapa, kamati akupuma. Akakwezedwa kabaza pamsewu wa mabampu, kamati akuthamanga. N'chifukwa chake, anatero, ana ena anawayezanso mpweya kusukulu konko, kuti afananitse. Kenako ananena motsitsa mawu kuti masiku anayi a Rozina awataya, sangawagwiritse ntchito. Ndinapepesa. (Siketi anavala ina tsiku limenelo, yosokedwa bwino, moti ndinalibe pothawira. Ndinamva mawu onse.)

Ndinkaganiza kuti ndapulumuka, koma alamu si munthu wogona.

"Ndiye kuti makinawa sanganene ngati mwana akuzunzika kapena ayi?"

"Iyayi amayi, sanganene," anayankha mtsikanayo. "Zimenezo mwiniwake ndi uyu."

Tinatuluka panja, tinakhala pamthunzi kuseri kwa kalasi. Achimwene anamuitana Rozina kuti akhale pafupi nawo.

"Iwe Rozina, usaope munthu pano. Ukufuna kupita ku Utale kwa azakhali ako?"

"Zovala ndinalongedza kale, atsibweni."

Alamu anawongola msana.

"Unalongedza liti?"

"Kalekale. Zili mujumbo kuseri kwa chitseko."

"Ndiye kuti ukufuna kupita?"

"Iyayi."

"Nanga unalongedzeranji?"

Anayamba wandiyang'ana ine, kenako anayankha akuyang'ana pansi. "Amayi anasiya kundituma. Madzi osamba amandiperekera, chakudya amandiikira m'mbale za alendo. Kumjigo anandiletsa, kosewera anandiletsa. Ndinadziwa kuti ndine mlendo tsopano, akungodikira tsiku loti mudzanditenge."

Masabata atatu ndinkadziyesa wochenjera, mwana akugona ndi jumbo kuseri kwa chitseko, ine osadziwa.

"Tsono iweyo ukufuna chiyani?" anafunsa achimwene.

"Ndikufuna ndizikhala konkuno. Azindituma." Kenako anawonjezera, "Koma ndowa yaikulu ija imapweteka khosi."

Alamu anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndi imene ndinanena ine," anatero, koma ukali munalibe. Ndipo zinali zoona, pa ndowayo iwo sanalakwe. Ndinavomera pamaso pa onse kuti Rozina sadzaisenzanso. Iwo anati ali ndi kachigubu kakang'ono kunyumba, adzatumiza, ndipo tchuthi chikafika mwanayo azipita kukawaona. Ndinavomeranso.

Achimwene anavala chipewa. "Mwana akhala. Nkhani yatha. Koma achemwali, tsiku lina mukadzafuna kundiitanira makina, muziyamba mwawafunsa kuti anena chiyani."

Anthu atadzuka ine ndinatsalira pansi kaye, mtima utakhala m'malo. Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire, ndipo ndinachita zonse ziwiri pang'onopang'ono.

Titawaperekeza alendo pa siteji, ndinafika kunyumba n'kusuzumira kuseri kwa chitseko. Jumbo inalipodi, yomanga bwino pakamwa. Munali madiresi awiri, makope a kusukulu, ndi duku wa malemu mayi ake amene sindinkadziwa n'komwe kuti amasunga. Ndinamasula, ndinabwezera chilichonse pamalo pake. Ndinaopa boma, ndinaopa achimwene, ndinaopa kachipangizo kosadziwa kusiyanitsa mwana ndi telala, koma munthu mmodzi amene ankadziwa yankho ndinkadya naye tsiku lililonse osamufunsa. Kaya ndaphunzira kaya ayi, Mulungu ndiye adziwa.

Nditatuluka ndinamupeza Rozina atakhala pamphasa paja, manja ali pamiyendo, monga ndinamuzoloweza. Mawu okoma ine sindimawatha, ndiye ndinagwiritsa ntchito amene ndili nawo.

"Iwe Rozina, wakhala pamenepo ngati ndani? Mbale zija zitsuka zokha?"

Anadzambatuka, mphasa n'kuipinda yekha. Sindinaonepo mwana akuthamangira mbale zakuda akuseka chonchija.